Kamunthu Kamene Kanayera M'beseni

Ndiyambe ndi kabati, chifukwa ndi imene ndinayamba kuikayikira ndisanakayikire munthu aliyense m'nyumba ija.

Inali m'chipinda chimene abwana ankagwiriramo ntchito. Kabati yagalasi, yaitali kuposa ine, yokhala ndi timagetsi m'kati. M'menemo munali tianthu ta pulasitiki, kutalika kwake ngati chala changa chapakati, tina kupitirirako pang'ono. Tiasilikali, tizilombo ta mitu ya abuluzi, tina tovala zipewa zophimba nkhope yonse. Tonse tinali chiimire, maso kukhomo. Tsiku limene ndinafika pa fulati ija ku Sports City, mumzinda wa Dubai, madamu anandionetsa khitchini, kachipinda kanga, ndi mwana wawo wamkazi amene ndinabwerera kudzalera. Titafika pa kabatiyo anandigwira mkono n'kunena kuti, "Apa ayi. Ngakhale fumbi liunjikane, iwe usakhudze."

Ine ndinakulira ku Balaka. Kwathu munthu wamkulu, wandevu zake, akamasunga tianthu m'nyumba n'kumaletsa ena kutikhudza, sitifunsa zambiri, timangodziwa. Ndinkawaona abwana akuvala magolovesi oyera, n'kutulutsa kamodzi, n'kukanunkhiza atatsinzina. Nthawi zina ankakalankhula. Ndinati mumtima, ehe, ndiye chuma chonsechi gwero lake ndi limeneli. Ndinkadutsa pakhomo pa chipindacho ndikupemphera chamumtima, ndipo ndikamakolopa ndinkasiya malo aakulu ndithu kuzungulira kabatiyo.

Amene anandimasula ndi mnzanga wa kutchalitchi, mayi wa ku Mulanje amene ankakhala ku Karama, dera lina la mumzindamo. Nditamunong'oneza nkhaniyi anaseka mpaka kupukuta misozi. "Amwali, si zithumwa zimenezo, ndi zidole. Anthu amenewa akakula n'kupeza ndalama amayamba kugulanso ubwana wawo." Ndinamva, koma sindinakhulupirire zonse. Ine ndine munthu wosakhulupirira msanga. Ndikagula mazira ndimayamba ndawagwedeza pakhutu, ndipo munthu akandisekerera kwambiri ndimayamba kuganiza kuti akufuna chiyani.

Kenaka unafika mliri wa kolona, mzinda n'kutsekedwa. Kutchalitchi tinasiya kupita. Tsiku langa lopuma linasanduka tsiku longokhala m'kachipinda ndikuyang'ana denga. Abwana anayamba kugwirira ntchito kunyumba, madamu nawonso, ndipo fulati imene ndinkaiona ngati yaikulu inachepa. Tinkapumirana m'khosi. Pawindo ndinkaona bwalo la masewera lili mbee, lopanda ngakhale mphaka.

Ndi nthawi imeneyi imene ndinazidziwa bwino zidolezo, chifukwa sabata iliyonse masana abwana ankakumana pa kompyuta ndi anzawo osunga zidole, ndipo ine ndinkalowa ndi tiyi. Chingerezi ndimamva, koma munthu wonyamula thireyi anthu amaiwala kuti ali ndi makutu. Ndinaphunzira kuti kabati ija inali ndi mbali ziwiri. Mashelefu apamwamba anali a zenizeni, zimene zinapangidwa abwana ali mwana. Shelefu yapansi inali ya makope, zidole zopangidwa masiku ano motengera zakalezo. Kwa ine zonse zinali chimodzimodzi, kungoti zapansizo zinkaoneka zaukhondo.

Mwa anzawowo awiri ndi amene ankalankhula kwambiri. Wina anali mzungu wadazi, wa mawu ngati mphunzitsi wamkulu. Iyeyu makope ankadana nawo ngati anamuphera mbale. "Kope ndi bodza lokhala ndi miyendo," ankatero. "Lero mwini wake akudziwa kuti ndi kope. Akamwalira, mkazi wake adzagulitsa ngati chenicheni, ndipo bodzalo lidzayenda mpaka lidzafike m'kabati mwako." Winayo anali Mwarabu wa magalasi, munthu wokonda kuseka. "Habibi, m'bale wanga, khazika mtima pansi," ankamuyankha. "Ine ndili mwana zidole zimenezi ndinkangoziona pawindo la sitolo. Ngati kope likundipatsa chimene ndinkalakalaka, ndalakwira ndani? Angolemba kuphazi kwa chidolecho kuti ndi kope, khalas, nkhani yatha." Wadazi ankati olemba kuphazi ndi ochepa, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Iye sankanena choncho ndithu, koma ine ndinkamva choncho.

Njira zawo zogwirira bodza ndiye zinkandisiya kukamwa kuli yasa. Ankagwetsa kamfuti ka chidole patebulo n'kutchera khutu kuti amve kulira kwake. Ankakaika m'kapu ya madzi kuti aone ngati kamira. Ankawalitsa tochi kuphazi kuwerenga tizilembo. Amuna akuluakulu, ena adzukulu ali nawo. Koma abwana anga ankanyadira mphuno yawo. Ankati pulasitiki yakale ili ndi fungo lakelake, ngati la m'galimoto ya bambo awo, ndipo palibe wopanga makope amene anakwanitsa kuba fungo limenelo. Anzawo ankawaseka, koma chinthu chikavuta ankati, "Chikanakhala pafupi, tikanakupatsa ununkhize."

Masiku amenewo chilichonse chinkabwera pakhomo m'katoni, ndipo wotsekula chitseko ndinali ine. Amene ankabweretsa katundu kawirikawiri anali bambo wina wamtali, wovala masiki mpaka m'maso. Tsiku lina ndikulandira katoni pakamwa panapulumuka mawu akuti zikomo. Anaima nji.

"Ah! Ndimwe ba kwatu? Ine ndine wa ku Chipata, ba sisi!"

Ankagwira ntchito kumalo osungira katundu ku Al Quoz, ndipo ankagona komweko m'chipinda chodzaza amuna. Kuyambira tsikulo tinkacheza pang'ono pakhomo, iye ataima kutali pafupi ndi lifiti, ine nditagwira chitseko. Nkhani zake zinali zazing'ono, za kutentha, za mvula ya kwathu, za ufa umene ukupezeka ku Karama ngati ndi weniweni. Koma anali munthu yekhayo amene ndinkalankhula naye chilankhulo changa ndikumuona ndi maso, ndipo ndinkasangalala belu likalira. Tsiku lina abwana anatipeza tikuseka n'kufunsa kuti tikukambirana chiyani. Ndinati za kumudzi. Anangogwedeza mutu n'kubwerera.

Ndi achimwene a ku Chipatawa amene anabweretsa kamunthu kamene ndikufuna kunena. Abwana anakhala akukafunafuna kwa zaka zambiri. Kanali ka woyendetsa chombo cha mumlengalenga, ndipo ankati ali mwana anali nako kotere, kanatayika banja lawo likusamuka. Anatsekula katoni n'kukatulutsa. Ine nditakaona ndinakhumudwa. Zovala zake, zimene ankati zinali zoyera, zinali zachikasu ngati mano a munthu wosuta chingambwe. Koma abwana anati chikasucho ndiye umboni wa zaka zake. Anakanunkhiza nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndi komweka." Anzawo atakaona pa kompyuta anawaombera m'manja, ngakhale wadazi uja. Sanakaike m'kabati. Anakaimika patebulo pawo, pambali pa kompyuta, kuti azikaona akamagwira ntchito.

Sipanapite masiku ambiri, abwana anayamba kutsokomola. Kenaka thupi linatentha, mpweya n'kuyamba kuvuta. Anabwera anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuwatenga. Madamu anatsala ataima pakati pa balaza, manja ali pamutu. Ndinawamvera chisoni kwambiri tsiku limenelo, chifukwa mkazi ndi mkazi, kaya ndi wolemera.

Koma mantha a madamu sankakhala pansi, ankafuna chogwira. Anaganiza kuti matendawo analowa ndi katoni ija. Anandituma beseni lalikulu, n'kukhuthuliramo mabotolo a mankhwala aja amene amatuluka thovu ukathira pabala. Kenaka analowa m'chipinda cha abwana atavala magolovesi, n'kusesera m'besenimo zonse zimene zinali patebulo, zolembera, makiyi, kapu, ndi kamunthu kaja.

"Madamu, nanga aka?" ndinafunsa. "Abwana amati kasakhudzidwe."

"Kameneka ndi kamene kabweretsa matenda m'nyumba mwanga. Yalla, fulumira, tulutsa beseni pakhonde, dzuwa liphe zotsala."

Ndinatulutsa. Dzuwa la ku Dubai amene sanalione sangalimvetse, limatha kuumitsa thaulo usanamalize kuyanika lina. Besenilo tinaliiwala pakhondepo. Mitima yathu inali pa foni, kudikira mawu a kuchipatala, ndipo mwana ankalira kufuna bambo ake. Pamene madamu anadzalikumbukira, mankhwala anali atatsala pang'ono kuuma, ndipo kamunthu kaja kanali koyera mbee. Chikasu chonse chinali chitapita. Ine ndinaona ngati kakongola. Madamu anakayang'ana nthawi yaitali, nkhope yawo n'kusintha. Anakatsukuluza, n'kukapukuta, n'kukaika m'kabati pamwamba, kumbuyo kwa tinzake. 

Mulungu anachita chifundo, abwana anabwerera. Anali ataonda, malaya akulendewera m'mapewa. Atapsompsona mwana wawo anapita molunjika kuchipinda kwawo, ife tikuwatsatira pambuyo. Anayang'ana patebulo, kenaka m'kabati. Anakapeza. Anakatembenuza uku ndi uku, n'kukafikitsa pamphuno. Anakoka mpweya kamodzi, kawiri. Anatulutsa kena ka pa shelefu yapamwamba n'kununkhizanso. Kenaka ananyamula mkono wawo n'kudzinunkhiza okha. Kolona inali itapita ndi mphuno yawo. Khofi, sopo, anyezi, zonse kwa iwo zinali madzi.

"Aka si kanga," anatero. "Kanga kanali kachikasu. Wina wasintha."

Ndinatembenuka kuyang'ana madamu. Ndinkadziwa kuti ayankha, chifukwa nkhaniyo inali yaifupi, ya mawu ochepa chabe. Madamu anaweramira foni yawo n'kunena kuti supu ikupserera.

Sabata imeneyo nkhaniyo inakafika kwa anzawo aja. Ndinalowa ndi tiyi abwana atagwira kamunthuko pafupi ndi kompyuta, akukazunguliza pang'onopang'ono. Wa magalasi anati tizilembo ta kuphazi n'toona, kulemera kwake n'koona, mwina pali chimene chachitika. Wadazi anamudula pakamwa. Anati masiku ano opanga makope amakopera ndi tizilembo tomwe, ndipo chinthu cha zaka zimenezo sichingayere chokha. Wina anati mwina chinatsukidwa. Abwana anati ayi, m'nyumba mwawo aliyense amadziwa kuti zidole sizikhudzidwa. Kenaka wadazi anafunsa funso limene ndinkaliyembekezera.

"Pamene unali kuchipatala, m'nyumba munatsala ndani?"

"Mkazi wanga, mwana, ndi wantchito."

"Wantchitoyo ali ndi anzake kunja? Ku Karama amagulitsa kope la chilichonse, ngakhale la amayi ako."

Ine ndinali nditaima pomwepo, thireyi ili m'manja. Abwana anakweza maso n'kundiyang'ana ngati akundiona koyamba. Ndinaona m'maso mwawo zinthu zikulumikizana, mnzanga wa ku Karama amene ndinkamutchula, achimwene a ku Chipata, kuseka kwathu pakhomo m'chilankhulo chimene iwo sankachimva. Ndinaika tiyi patebulo bwinobwino, osataya ngakhale dontho, n'kutuluka. M'khitchini ndinakhala pansi pa matailosi.

Amene sanagwirepo ntchito ya m'nyumba kunja mwina aona ngati ndi nkhani ya chidole chabe. Wantchito wa m'nyumba chuma chake ndi dzina. Ukangonenedwa kuti uli ndi dzanja lalitali, watha. Viza yanga inali m'manja mwa anthu amenewa, pogona panga panali m'nyumba mwawo, ndege sizinkauluka, ndipo mawu amodzi a abwana kupolisi akanakwanira. Kumudzi ana anga awiri ankadya chifukwa cha dzina limeneli. Ndinachita mantha, koma koposa mantha ndinapsa mtima.

Madzulo ake abwana anagogoda pa kachipinda kanga. Anapempha mwaulemu kuti aone katundu wanga, ndipo ulemuwo ndi umene unandipweteka kwambiri. Akanakalipa ndikanakalipa nawo. Ndinatsekula sutikesi ndekha. Anavala magolovesi omwe aja ogwirira zidole n'kuyamba kunyamula zitenje zanga, Baibulo, zithunzi za ana, mpaka zovala zam'kati. Sanapeze kanthu. Anati pepa, koma pepa wake anali wa munthu amene akuganiza kuti wachedwa kufika.

M'mawa mwake ndinawapeza madamu ali okha m'khitchini.

"Madamu, mukudziwa chimene chinachitika. Beseni ndinanyamula ndine, koma munandituma ndinu."

Anatseka chitseko. "Tamvera. Mwamuna wanga wangochoka kumene pakamwa pa imfa. Ndikamuuza kuti ndinaononga chinthu chimene wakhala akuchifuna moyo wake wonse, nyumba ino siikhalika. Ukudziona wekha mmene tikukhalira. Sanapeze kanthu kwa iwe, ndiye palibe mlandu. Inshallah, Mulungu akalola, aiwala."

"Nanga dzina langa?"

"Ine ndikudziwa kuti sunabe. Sizikukwanira?"

Tsiku lomwelo anandipatsa nsapato zawo zimene anangovala kamodzi. Ndinalandira ndi manja awiri n'kuthokoza, chifukwa ndi mmene tinaleredwera. Sindinazivalepo.

Anthu amandifunsa kuti bwanji sindinangopita kwa abwana n'kunena. Funso labwino kwa munthu amene ali kwawo. Amene ankandituma kuyambira m'mawa mpaka madzulo anali madamu. Amene ankadziwa ngati ndadya kapena ayi anali madamu. Ndikananena, iwo n'kukana, abwana akanakhulupirira ndani pakati pa mkazi wawo ndi munthu amene amuvundukulira kale sutikesi? Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ndinasankha kudikira kuti madamu atope nacho chinsinsi chawo.

Sanatope. Kamunthu kaja kanatsitsidwa kupita pa shelefu yapansi, pakati pa makope. Pa kabati panabwera loko, ndipo komwe kiyi inkakhala ankadziwa abwana ndi madamu basi. Abwana sanandinyozepo. Anangoyamba kunyamula wotchi yawo akamapita kosamba. Ndikalowa m'chipinda ankatseka kompyuta, tiyi ndinkangosiya pakhomo. Nanenso ndinayamba kukayikira chilichonse. Ndikapeza ndalama yachitsulo pansi pa mpando ndinkati anditchera dala, ndinkaitola pamaso pawo n'kuiika patebulo mochita kumveka. Madamu akandiyamikira chakudya ndinkati akundigula. Nyumba yonse inadzaza maso.

Abwana analamulanso kuti katundu azisiyidwa pansi kwa mlonda. Achimwene a ku Chipata ndinadzaonana nawo kamodzi kokha, nditatsikira kukataya zinyalala. Ndinawafotokozera mwachidule, ndikuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba weniweni.

"Manje imwe mwangonkala chabe zii?" anafunsa. "Ba sisi, kambani zoona. Mbeba ya manyazi inafera ku una. Ngati simuzakamba, bazakuyesani gong'a na imwe."

Gong'a ndi mawu awo a ku Zambia otanthauza chinthu chachinyengo. Ndinaseka, koma m'lifiti ndinalira. Sindinawaonenso, ndipo sindidziwa ngati anangowasintha njira kapena nkhaniyi inawafikira kuntchito kwawo. Zimenezi zimandivutabe.

Miyezi inapita. Mzinda unatsekulidwa pang'onopang'ono, ndege zinayambanso kuuluka, ndipo kontirakiti yanga inafika kumapeto. Abwana anandiitana pabalaza. Anati mwana amandikonda, ntchito yanga ndi yabwino, koma sationjezera. "Sindikunena kuti unatenga," anatero. "Koma sindingathe kusiya kuganiza." Madamu anali pambali pawo akusisita m'mphepete mwa khushoni ndi chala. Ndinati zikomo bwana. Ndinapempha kalata yoti ndikaonetse kwina, anati aganizira.

Kutatsala tsiku limodzi kuti ndinyamuke, madamu anandibweretsera chikwama chodzaza zovala zimene anasiya kuvala. Anandikumbatira, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kunena kuti, "Usatsekule pano, ukatsekule kwanu." Mawu amenewo ndi amene anandichititsa kutsekula. Atangotuluka ndinakhuthulira zonse pabedi n'kuyamba kukutumula chimodzichimodzi. M'thumba la jekete munali kanthu kolimba kokulungidwa mu sokosi. Kanali kamunthu koyera kaja.

Ndinakhala pabedi ndikukayang'ana, nakonso kakundiyang'ana. Mwina madamu ankapepesa m'njira yawo, poganiza kuti ndikapatse ana anga. Mwina ankangofuna kuti kachoke m'nyumba, kasamawayang'ane tsiku lililonse. Kapena ankafuna kuti abwana akaona kuti kasowa tsiku limene ine ndachoka, nkhani ithere pa ine mpaka kalekale. Mpaka lero sindidziwa. Chimene ndinadziwa n'chakuti ndikatuluka nako pakhomo paja, ndikhala wakuba amene ankandiganizira uja. Ndipo tsopano ndinalibe chotaya. Ntchito inali itapita kale, tikiti inali m'manja.

M'mawa ndinakonza chakudya monga mwa masiku onse. Nditaika mazira ndi buledi, ndinatulutsa kamunthu kaja m'thumba la epuloni n'kukaimika pakati pa tebulo, pafupi ndi shuga.

"Madamu, aka kanagwera m'zovala zimene munandipatsa dzulo. Si kanga. Bwana, kabati yanu ili ndi loko, ndipo ine kiyi sindidziwa komwe imakhala."

 Mwana ankamenya supuni pambale. Abwana anayang'ana kamunthuko, n'kuyang'ana ine, kenaka anatembenukira kwa akazi awo. Madamu anafiira mpaka m'makutu. Anayamba ndi kunena kuti ankangofuna kundipatsa mphatso, kuti ndi kope chabe lopanda ntchito. Abwana anangopitiriza kuwayang'ana. Ndiye zonse zinakhuthuka, beseni, mankhwala, khonde, dzuwa. Ankalankhula akulira, akuti ankaopa kuti amwalira, akuti ankafuna kuteteza mwana.

Ndinaima pambali manja ali kumbuyo. Mtima unali utapepuka. Ndinati tsopano atembenuka, andiyang'ana, anena mawu amene ndakhala ndikuwadikira miyezi yonseyi. Ndinali nditakonzeka kale kuwakhululukira. Ndinali nditakonza ngakhale yankho lake.

Abwana ananyamula kamunthu kaja ndi zala ziwiri, mosamala ngati dzira.

"Ndiye ndi komwe kaja," anatero chapansipansi. Kenaka anafunsa akazi awo, "Kanakhala padzuwa nthawi yaitali bwanji? Mankhwalawo anali amphamvu bwanji? Botolo lake lilipo?"

Ananyamuka buledi ali m'mbale, n'kulowa m'chipinda chawo. Posakhalitsa ndinamva mawu a anzawo aja pa kompyuta. Ndinkachotsa mbale patebulo ndikumva zonse, chifukwa chitseko anaiwala kutseka. Wa magalasi ankaseka, akuti ananena kale iye kuti tizilembo n'toona. Wadazi sankagonja. Ankati chidole chotsukidwa ndi mankhwala sichilinso chenicheni, chataya mbiri yake, malo ake ndi pakati. Wina ankati chikasu chidzabwerera chokha pakapita zaka. Anakangana nthawi yaitali kuti kaikidwe pa shelefu iti. Pamapeto pake ndinamva loko ikutsekulidwa, ndipo podutsa ndinaona kamunthu kaja kataimanso pamwamba, kutsogolo kwa tinzake tonse. Za wantchito palibe amene anafunsa.

Galimoto yopita kubwalo la ndege itafika, abwana anatuluka kudzanditsanzika, magolovesi adakali m'manja. Anati zinthu zasokonekera, ndipo ngati ndikufuna ndikhoza kutsala, aona za mapepala. Ankalankhula bwino ndithu, koma khutu lawo linali ku kompyuta, kumene wadazi ankapitirizabe. Ndinati zikomo bwana, ana akundidikira. Madamu sanatuluke m'chipinda chawo. Mwana ndi amene anandigwira chitenje mpaka pa lifiti, ndipo iyeyo ndimamusowa.

Chikwama cha zovala chija ndinachisiya pabedi, pamodzi ndi nsapato zija. Ndisanatseke sutikesi yanga ndinakhuthula zonse n'kukutumulanso chimodzichimodzi, ngakhale zinali zanga zomwe.

Panopa ndili kwathu, ndimagulitsa kaunjika pamsika. Mlongo wanga akandipatsa bulauzi, kapena mnzanga wa kumvano akandikulungira kanthu m'pepala, ndimathokoza ndi manja awiri. Akangotembenuka ndimapisa m'matumba onse. Mwana wanga wamkazi anandigwira tsiku lina ndikuchita zimenezi ndi juzi imene iye anandigulira, ndipo anandifunsa kuti, "Amayi, mukufuna chiyani m'menemo?"